Za chigwa cha Yehosafati chija

Eee achemwali, meseji yanu ndaiona, pepani ndachedwa, ndinali kudimba. Mwati abusa analalika kuti tsiku lomaliza mitundu yonse idzasonkhana m'chigwa cha Yehosafati, ndiye mukudabwa kuti chigwacho chili kuti, nanga anthu onsewa adzakwanamo bwanji.

Tsegulani Yoweli 3, vesi 2 ndi 12. Dzina loti Yehosafati pa Chiheberi limatanthauza kuti Yehova waweruza, ndiye ine mmene ndimamvera, Yoweli akunena bwalo la milandu la Mulungu basi, moti mukatsika pa vesi 14 akuchitchulanso chigwa chogamulira mlandu, dzina lasintha koma nkhani ndi yomweyo. Ngati muja mwana akabadwa pa nthawi ya maliro kapena njala amamutcha Mavuto, simufunsanso kuti panyumbapo panali zotani.

Komatu anthu safuna zopanda adiresi, kuyambira zaka za m'ma 300 AD anayamba kuloza chigwa cha Kidroni, pakati pa Yerusalemu ndi phiri la Azitona, ndipo mpaka lero kuli manda okhaokha, a Ayuda kuphiriko, a Asilamu kufupi ndi khoma la mzinda. Ine zimandiseketsa pang'ono, kuikidwa m'manda pafupi ndi malo a chiweruzo, ngati kuchigayo, kulawirira kuti ukhale woyamba pamzere.

Chimene chimandiopsa ine ndi cha pa Yeremiya 7:31-32. Chimenecho ndi chigwa chenicheni, cha mwana wa Hinomu, kumwera kwa Yerusalemu, ndipo pamalo otchedwa Tofeti anthu ankawotcha ana awo enieni ngati nsembe, ana obereka okha achemwali, ndiye Mulungu akuti dzinalo lidzafufutidwa, chidzatchedwa chigwa chopherako anthu, adzakwiriramo mitembo mpaka malo kusowa. Gehena amene Yesu ankatchula uja mawu ake anachokera pa dzina la Hinomu lomweli.

Armagedo, malo a nkhondo yomaliza aja, nayenso chimodzimodzi, Chivumbulutso 16:16, ambiri amati ndi phiri la Megido, pomwe Megidoyo ndi chitunda chabe cha mabwinja, kungoti kunkachitikira nkhondo, mfumu Yosiya anamulasira konko asilikali a Farao Neko mu 609 BC, ndiye Myuda akangomva dzinalo ankakumbuka maliro.

Lamulungu mukawaonetse abusawo vesi 14 ija, mundiuze zimene akayankhe. Batire yatsala pang'ono, alamu muwapatse moni.