Mng'ono wake wa Tadala timutche ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene akukhala ku Rosettenville, konkuno ku Joni. Mwachidule analemba kuti: "Mwana wanga woyamba ndi Tadala, ali ndi zaka 4. Pano ndine woyembekezera, miyezi 8, ndipo sikani yaonetsa kuti ndi wamkazinso. Ndikufuna dzina logwirizana ndi la mkulu wake. Bambo ake akuti Takondwa kapena Tamanda. Apongozi kumudzi akuti adzatcha ndi iwo. Ndithandizeni maganizo."

Amake Tadala, zikomo polemba, ndipo Mulungu akusungeni mpaka tsiku lochira.

Ambirife tikamati maina agwirizane, timangomvera kamvekedwe: Tadala, Takondwa, Tamanda, onse oyamba ndi Ta. Powalemba amakongola ndithu. Koma taganizani muli kukhitchini, nsima ili pamoto, mwafuula "Ta…", ana onse awiri atembenuka. Aphunzitsi adzawasokoneza, agogo pa foni adzawasokoneza, ndipo kamwanako kadzakula kakumva ngati dzina lake anachita kunyema pa la mkulu wake. Chinanso, dzina lililonse anthu amalidula. Tadala amakhala Tada. Nanga Takondwa? Litchuleni nokha lodulidwalo, mumva chimene anzake akumudzi adzamuseke nacho. Ndi dzina labwino, koma ine pamenepa pamandidetsa nkhawa.

Ine ndimati maina a pachibale azigwirizana pa zimene akunena. Maina athu achichewa ndi mawu athunthu, amayankhula. Makolo akatcha mwana Mavuto, Tinenenji kapena Maliro, amakhala akuuza mudzi wonse zimene banjalo ladutsamo. Inu potcha Tadala munanena kale mawu oyamba: tapeza mwayi, Mulungu watikomera mtima. Tsono munthu akadala amatani? Amayamika. Ndiye ine ndikanakhala inu, ndikanati Tiyamike. Tamverani mukawaitana motsatizana madzulo: "Tadala! Tiyamike!" Ndi pemphero lathunthu, ndipo mudzalinena tsiku lililonse osadziwa n'komwe. Onse akuyamba ndi T, kotero bambo ake sanataye zonse, koma wina ndi Tada, wina ndi Tiya kapena Yami. Palibe wosokonezeka. Ngati Tiyamike sakukukomerani, njira yomweyo ikupatsani Mayamiko, Alinafe kapena Pemphero.

Mwanayu adzakulira ku Joni, choncho ganiziraninso pakamwa pa anthu a kuno. M'Chizulu, zilembo za "ch" zimaimira kuphulitsa lilime kuja, ndiye Chisomo, Chikondi ndi Chimwemwe ena amayamba kaye adodoma akawaona papepala. Oyankhula Chingerezi akaona "ph" amawerenga ngati "f", Mphatso n'kusanduka Mfatso. Sindikuti maina amenewa tiwataye ayi, mwana amaphunzitsa anthu dzina lake. Koma ndi bwino kudziwiratu. Tiyamike aliyense amalitchula momwe lalembedwera.

Pali dzina lina limene kwa inu a ku Ntcheu ndi lapakhomo: Thokozani. Kwathu ndi kuyamika, kwa Azulu ndi kukondwera, ndipo kuno mupeza a Thoko ambirimbiri, ngakhale lokeshoni ya Thokoza ku Ekurhuleni. Angoni anachokera kumwera kuno m'zaka za m'ma 1800, n'chifukwa chake maina ngati Thandiwe ndi Lindiwe samveka achilendo ku Ntcheu kapena ku Mzimba. Mtsikana wotchedwa Thoko akakwera basi pa Park Station kupita kumudzi, dzina lake limadziwika pokwerera ndi potsikira pomwe. "Tadala, thokozani" akunenanso chimodzimodzi.

Za apongozi, chonde musalimbane nawo. Kwathu kutcha mwana dzina ndi ulemu waukulu, ndipo kawirikawiri amatcha ndi wachibale, mwana akatuluka m'chikuta mchombo utagwa. Mayi amene mdzukulu wake akubadwira kutali chonchi, osamusambitsa, osamunyamula, chimene chamutsalira ndi dzinalo basi. Mwana akhoza kukhala ndi maina awiri. Bambo ake awaimbire okha, si inu, awauze kuti: "Amayi, ife taganiza Tiyamike kuti litsatane ndi la Tadala, inu mutipatse lanu likhale limodzi." Agogo ambiri akafunsidwa mwaulemu chotero amasangalala, ena mpaka amavomereza lanulo n'kulitenga ngati lawo.

Foni imeneyi iimbidwe mwezi uno, musadikire kuchira. Lamulo la dziko lino limati mwana alembetsedwe ku Home Affairs pasanathe masiku 30 chibadwire, ndipo zipatala zina zili ndi ofesi yolembetsera momwemo. Masiku amenewo amatha muli wotopa, mukuyamwitsa usiku wonse, si nthawi yokambirana maina pa WhatsApp. Mukagwirizana, lembani maina onse awiri ndi zilembo zikuluzikulu pa kapepala, mukaike m'chikwama cha kuchipatala pamodzi ndi pasipoti ndi khadi la sikelo. Kalaliki akalemba, werengani chilembo chimodzichimodzi musanachoke pa kauntala, chifukwa kukonzetsa pambuyo pake kumafuna mafomu ena ndi kudikira kwina.

Ndipo Tadala mumuuzeko dzinalo mwana asanabadwe, ayambe kuliyeserera. Ndi iye adzalitchule kuposa aliyense pakhomopo.