Yunivesite ya anthu akuda ku America, pa ranking ili pansi, mwana apite?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wakhoza bwino MSCE, akufuna engineering, ndiye msuweni wake ali ku States wamuuza za North Carolina A&T State University. Mayiwa ataisaka pa intaneti apeza kuti pa list ina ili pamwamba, pa ina ili kutali kwambiri, komanso amva kuti ndi "ya anthu akuda". Akufunsa kuti ndi sukulu yabwinodi kapena ndi yotolera otsala.

Mayi, si yotolera otsala ayi. A&T ili ku Greensboro, inayamba mu 1891 nthawi imene akuda samaloledwa kuphunzira limodzi ndi azungu m'ma state a kumwera, ndiye boma linawatsegulira zawo. Sukulu zoterezi amazitcha ma HBCU, zilipo pafupifupi 100, ndipo A&T ndiyo yaikulu pa zonsezo, ophunzira amapitirira 13,000. Lero imalandira aliyense, mzungu, mmwenye, Mmalawi. Pa engineering ndiye paja imadziwikira, kwa zaka zambiri yakhala ikutsogola potulutsa ma engineer achikuda ku America konse. Ronald McNair, astronaut amene anafa pa ngozi ya chombo cha m'mlengalenga cha Challenger mu 1986, physics yake anachitira pompo. Anyamata anayi amene anakana kuchoka pa kauntala yodyera ya azungu okhaokha mu sitolo ya Woolworth, potsutsa tsankho, pa 1 February 1960 analinso ophunzira a pamenepo.

Tsopano za ranking zakusokonezanizi. Ma list onse awiri mwawaonawo mwina ndi a U.S. News, kampani ya nkhani ya ku America imene imapanga ma ranking a mayunivesite. Ina amafananiza ma HBCU okhaokha, ina amaponya onse mumphika umodzi pamodzi ndi a Princeton ndi Harvard omwe ali ndi chuma choti sangachimalize. Amawerengera zinthu ngati ndi ana angati amene amamaliza digiri, sukulu imagwiritsa ntchito ndalama zingati pa mwana mmodzi, komanso maganizo a akuluakulu a sukulu zina, eya, maganizo basi. Ndiye sukulu imene imatenga ana ambiri ochokera m'mabanja osauka, ena amasiyira panjira kamba ka fizi, sizingatheke kuti ipose sukulu ya ana a mabwana. Ndipo mu 2023 boma la America lenilenilo linalembera ma governor a ma state 16 kuti akhala akuzimana ndalama sukulu zina za akuda kwa zaka pafupifupi 30, A&T yokha inaperewedwa zopitirira madola 2 biliyoni. Chaka chomwecho U.S. News inasintha kawerengedwe kake, sukulu zina zinakwera zina kutsika pomwe aphunzitsi ndi omwewo, malabu ndi omwewo. Ineyo nambala imeneyo sindiipatsa ulemu wambiri.

Chimene mungayang'ane n'chakuti kosi imene mwana akufunayo ili ndi chivomerezo cha ABET, bungwe lomwe limayendera makosi a engineering. Lowani pa website ya ABET mulembe dzina la sukuluyo muone nokha kosi ndi kosi, musangomvera msuweni.

Koma pamene pali minga ndi poti sukuluyi ndi "ya boma". Kuno tikamva ya boma timaganiza za fizi yotsika ndi loan. Kumeneko kutsika kwa fizi n'kwa ana a mu state ya North Carolina, amene makolo awo amakhoma msonkho konko. Wanu azilipira ya anthu obwera, yomwe ndi yokwera kangapo, kuphatikiza hostel, chakudya, inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo thandizo la boma ngati Pell Grant ndi FAFSA iye sizimukhudza. Sukulu singakupatseni fomu ya I-20, yotsimikizira kuti yamulandira mwana, musanaonetse statement ya kubanki yoti muli ndi ndalama za chaka chathunthu, ndipo popanda I-20 palibe viza ya ophunzira ya F-1. Ndi mmene dola ikuvutiramu, werengani kaye ndalamazo kwa zaka 4 musanamuuze mwana kuti azilongedza.

Pa kulowa kwenikweniko, lembani imelo ku admissions mufunse zinthu izi mosapita m'mbali: MSCE aiwerengera bwanji kukhala GPA (avareji ya magiredi ya ku America), kodi afuna kuti satifiketi idutse kaye ku bungwe loyesa mapepala ngati WES, akufuna mayeso olowera ku yunivesite a SAT chaka chino kapena ayi, nanga mayeso a Chingerezi ngati TOEFL, ndi ma scholarship ati amene mwana wakunja angafunsire. Amene akufuna engineering masamu ndi physics zake zikhale zowala ndithu. Yambani kutsala chaka, chifukwa ma deadline a scholarship amatseka msanga kuposa a malo.

Pitaninso ku EducationUSA ku Lilongwe, ofesi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, uphungu wawo ndi waulere, ndipo malamulo a viza kwa Amalawi asinthasintha kuyambira 2025 ndiye mufunse kumeneko zilili panopa musanalipire application fee kapena madola 350 a SEVIS, ndalama imene wophunzira wakunja amalipira ku boma la America asanafunsire viza. Agent aliyense wokulonjezani malo ndi viza mukampatsa kaye ndalama, mthaweni. Ndipo mwanayo afunsirenso malo ku MUBAS kapena MUST chaka chomwechi.