Achimwene a ku Moatize, thumba limenelo musalinyamule

Achimwene ena a ku Moatize andilembera imelo. Akuti amagulitsa kapenta ndi chikowa, ndiye munthu wina wa ku Beira akufuna kuwapatsa thumba la zipsepse zouma za shaki kuti akasiye ku Blantyre kudzera pa Zóbuè, ndalama yake yabwino ndithu. Akufunsa ngati nzololedwa.

Nditawerenga mtima unagunda, chifukwa zonyamulira munthu katundu pa boda ine zinandionetsa zakuda. Ndili mnyamata ndinkayenda ndi malume anga kukapikula nsomba ku Cahora Bassa, tsiku lina bambo wina pa chapa (minibasi) anatipempha tiphatikize makatoni ake awiri pa katundu wathu, akuti mapepala ali nawo abwera pambuyo, ife mwaulemu tinavomera. Pa boda atatsegula, zinthu zosaloledwa, mapepala palibe, analanda zonse ndi chikowa chathu chomwe, mpamba wa malume wonse unathera pomwepo ndipo bambo aja sitinawaonenso mpaka lero. Malume anabwerera kukalima ku Angónia. Za nsomba sanazikambenso.

Tsono anthu ambiri kuno amati shaki ndi nkhani ya anthu a kunyanja yamchere, ife a ku Tete ikutikhudza pati. Komatu pali mtundu wina umatchedwa Zambezi shark, umakwera mtsinje nkumakhala m'madzi opanda mchere bwinobwino, ndipo katswiri wa zinyama wa ku Germany, Wilhelm Peters, anaulemba m'mabuku a sayansi mu 1852 ataupeza mu Zambezi wathu yemweyu. Shaki si kapenta. Yamtundu umenewu imatha zaka zoposa 10 isanayambe kubereka, mimba imakhala nayo pafupifupi miyezi 11, ana ake kawirikawiri sapitirira 13. Ndiye muganize munthu akuigwira, kudula zipsepse zokha nkuiponyanso m'madzi ikadali yamoyo, yosatha kusambira, kuti ku Hong Kong akaphikire supu wa pa maukwati. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, ndipo wonyamula thumba sanganene kuti iye sizikumukhudza ayi, ndi manja ake omwe akufikitsa malondawo. Ndi zomwezi timapanga ndi maneti a udzudzu kudamu la Cahora Bassa kuja, kukokolola ndi tiana tomwe, kenako nkumadandaula kuti nsomba zatha.

Nanga malamulo akuti chani

Kuno ku Mozambique kuli Decreto 89/2020, lamulo la usodzi wa m'nyanja yamchere, amaitcha REPMAR, inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021. Imaletsa kudula zipsepse panyanja, shaki izifika kumtunda zipsepse zili pathupi, ndipo whale shark ndi manta, zinsomba zikuluzikulu zija alendo amakaonera ku Tofo nzosagwira nkomwe. Kwinaku kuli pangano la CITES, la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pa chiopsezo chotha, Mozambique ndi Malawi onse ali momo. Mu 2013 anaikamo shaki za mutu ngati hamala, mu 2022 ku Panama anawonjezera banja lonse lomwe muli Zambezi shark, kutanthauza kuti zipsepse zake sizingadutse boda popanda chilolezo cha CITES, chomwe kuno chimachokera ku ANAC, bungwe la boma loyang'anira malo otetezedwa a zachilengedwe. Ndipo chipsepse chikauma inu simungadziwe kuti ndi cha mtundu uti, wogwidwa nacho ndi amene amayankha.

Ndiye achimwene, muwafunse a ku Beira aja chilolezo cha CITES cholembedwa dzina lawo ndi satifiketi ya INIP, bungwe la boma loyendera nsomba zamalonda. Akayamba zoti mapepala abwera pambuyo, dulani foni mupitirize kapenta wanu.