Asisi a masters, za kusumira mayiko olemera pa nkhani ya Freddy

Asisi, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma foni inali pa 4% magetsi kulibe, nde ndati ndiyankhe lero nditakhala pansi. Kwa amene simunalione, asisiwa akuyamba risechi ya masters ya malamulo, topiki yawo inali "Paris Agreement ndi Malawi" (za mgwirizano uja wa mayiko pa nkhani ya kusintha kwa nyengo) koma supavaiza waibweza akuti ndi yaikulu kwambiri, ndiye akufunsa kuti aichepetse bwanji, komanso ngati angalembe zoti Malawi isumire mayiko olemera kuti atipatse chipukuta misozi pa zimene anatichita namondwe wa Freddy.

Supavaizayo sanakulakwireni, akanakhala ine ndikanaibwezanso. Topiki imeneyo mudzatha masamba 60 mukungofotokoza kuti ku Rio mu 1992 kunachitika chakuti, ku Kyoto 1997 chakuti, ku Paris 2015 chakuti, zinthu zoti aliyense wa bandulo atha kuziwerenga yekha, kenako pomaliza nkulemba kuti boma lichitepo kanthu, basi. Zoterozo zadzadza kale m'malaibulale, fumbi lokhalokha.

Komanso Paris yo mukaiwerenga ndi maso a uloya muona kuti pogwira mpochepa. Dziko lililonse limadzilembera lokha zimene lichite, aja amati NDC, chomwe limakakamizidwa nkupereka pepalalo zaka 5 zilizonse ndi kuyesetsa, koma palibe pamene analemba kuti ukalephera kufika pa nambala yako ulangidwa mwakuti. Ifenso yathu ya 2021 inati tidzachepetsa mpweya woipa ndi 6% patokha pofika 2040, mpaka 51% ngati atithandiza ndalama. Nde pali Article 8 yokamba za loss and damage, kapena kuti zotayika ndi zoonongeka, anthu ambiri amaikonda poti imamveka ngati khomo la chipukuta misozi, koma pitani mukawerenge ndime 51 ya chiganizo chimene chinatuluka limodzi ndi mgwirizanowo, 1/CP.21, analemba poyera kuti Article 8 si maziko oti wina aimbidwe mlandu kapena alipire. Kandime kameneko sikali mu mgwirizano mwenimwenimo nchifukwa chake ophunzira amakaphonya, koma ma examiner sakaphonya ayi.

Za ndalamazo zili ndi mbiri yomvetsa ulesi. Vanuatu, dziko la zilumba la ku Pacific, inayamba kupempha ka inshulansi ka mayiko a zilumba mu 1991, ku Warsaw mu 2013 anangokhazikitsa njira yokambirana nkhaniyi yopanda ndalama, thumba lenileni analivomera mu 2022 ku Sharm el-Sheikh, ndipo ku Dubai mu 2023 mayiko analonjeza pafupifupi madola 700 miliyoni. Tsopano ikani nambala imeneyo pambali pa lipoti la boma lathu lowerengera zimene Freddy anaononga, lomwe linati kuti tikonzenso zinthu pafunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Namondwe mmodzi, dziko limodzi, thumba la dziko lonse lapansi lathera pompo. Ndipo olemerawo amasamala pakamwa, amati ndi thandizo lochokera mumtima, liwu loti kulipira safuna kulimva. Scotland ndi imene inatsogola ku Glasgow mu 2021 ndi mapaundi 2 miliyoni, zina zinafika kuno kudzera ku bungwe lachifundo la kwawo la SCIAF, kandalama kochepa koma kanachititsa ena manyazi.

Chimene chasintha zinthu ndi khothi la dziko lonse la ku The Hague, ICJ. Ndipo asisi izi zikulimbitseni mtima, nkhaniyi anaiyambitsa ndi ana asukulu a malamulo pa University of the South Pacific mu 2019, anthu ngati inu nomwe, Vanuatu nkuitenga mpaka ku UN komwe anavomereza pa 29 March 2023 kuti khothi lifunsidwe, ife tikufukulabe abale athu m'matope ku Chilobwe mwezi womwewo. Mu December 2024 mayiko anakalankhula, Malawi inalankhula nawo, ndipo pa 23 July 2025 majaji onse anagwirizana chimodzi kuti udindo woteteza nyengo sukuchokera mu Paris mokha, ulinso m'malamulo achikhalire a pakati pa mayiko, lija loti usalole za m'dziko mwako zikaononge kwa mnzako lomwe timaliphunzira pa mlandu wa Trail Smelter wa 1941, utsi wa fakitale ya ku Canada ukuononga minda ku America. Ananenanso kuti kupereka malaisensi okumba mafuta ndi malasha kapena kuwatsitsira mitengo ndi ndalama za boma kutha kukhala kulakwa, ndipo dziko lolakwiridwa litha kufuna chipukuta misozi.

Koma musathamange nazo. Amenewo ndi malangizo a khothi, si chigamulo choti wakuti alipire wakuti. Komanso ku ICJ sungamukokere munthu amene sanavomere mphamvu za khothilo, America inachotsa chivomerezo chake m'ma 1980 pa mlandu wa Nicaragua, China nayo sinavomere, nde amene mukufuna kuwasumira kwambiriwo ndi omwe sapezeka pabwalo. Ndipo chachikulu, khothi linati pakhale umboni wolumikiza kulakwako ndi kuonongekako, mlandu uliwonse pawokha. Apa ndi pamene ndikufuna muike mtima, chifukwa risechi yabwino ili pamenepa ndipo kwathu kuno ndi pamene tili ofooka.

Taonani za mlimi wa ku Peru uja, Saúl Luciano Lliuya. Anasumira kampani ya magetsi ya ku Germany ya RWE mu 2015 kuti madzi oundana a m'phiri akusungunuka, nyanja ya pamwamba pa tauni ya Huaraz itha kusefukira pa nyumba yake, nde RWE ilipireko gawo lake lomwe silinkafika ngakhale theka la 1% ya mpweya wonse, ndalama zake pafupifupi ma euro 17,000 basi. Zaka 10 mlandu ukuyenda, majaji mpaka anakwera ndege kukaona nyanjayo ndi maso, mu May 2025 khothi la ku Hamm linavomera kuti kampani itha kuimbidwa mlandu wotere koma linati chiopsezo pa nyumba yakeyo nchochepa, analuza. Sanagwe pa lamulo, anagwa pa umboni.

Ife tsono? Atachitika namondwe wa Ana mu January 2022, uja anagumula ku Kapichira tinakhala mumdima miyezi, asayansi a World Weather Attribution anafufuza napeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezeradi mvula, koma analephera kunena kuti ndi mlingo wanji chifukwa cha kusowa kwa data, ku Malawi sanapeze siteshoni yoyezera mvula yokhala ndi mbiri yokwanira yoti aigwiritse ntchito. Ine izi ndinaziona ndi maso nthawi imene ndinkapanga risechi yanga, ndinapita pa ofesi ina ku boma lina la kum'mwera kukapempha manambala a mvula, bambo wina wachikulire wamtima wabwino ananditulutsira mabuku a hadikava olemba pamanja, ena chiswe chitadya m'mbali, ndikutsegula ndikupeza miyezi itatu yopanda kanthu, ndikufunsa akuti amene ankayeza anapuma ntchito ndipo wina anachedwa kubwera. Ndinajambula masambawo ndi foni mpaka batire kutha. Tsopano ganizani mwaima m'khothi ndi buku limenelo, loya wa mbali inayo sadzatsutsa nkomwe zoti dziko likutentha, adzangotulutsa zithunzi za phiri la Soche za kale ndi za lero nkufunsa kuti mitengo inapita kuti, analola ndani kumanga nyumba pamtsetse paja, ngalande zinali bwanji, napolo simunamuone kale ku Phalombe mu 1991? Funso loti pa imfa zija gawo la mpweya wa ku Ulaya ndi liti, gawo la makala athu ndi kusowa kwa mapulani a mzinda ndi liti, limawawa kulifunsa koma wolemba risechi sangalithawe.

Nde ndikanakhala inu ndikanalemba za chimenechi, kuti malinga ndi zimene ICJ yanena mu 2025, Malawi ikufunika umboni wamtundu wanji kuti dandaulo la Freddy liime, ulipo ndi uti, ukusowa ndi uti, ndipo lamulo lathu likupereka kwa ndani udindo wosunga umboniwo, a zanyengo, a DoDMA kapena makhonsolo. Ndi yaing'ono moti mutha kuimaliza, ndipo supavaiza sanganene kuti mwakopera.

Ngati imeneyo ikukuopsani ndi sayansi, bwererani kunyumba. Gawo 211 la malamulo aakulu a dziko lino limati mgwirizano wa kunja umakhala lamulo kuno pokhapokha nyumba ya malamulo itaulowetsa, nde funsani kuti za ku Paris zalowa pati. Gawo 13 limakamba za chilengedwe koma ngati mfundo yotsogolera boma, pomwe Environment Management Act ya 2017, yomwe inabweretsa bungwe loyang'anira zachilengedwe la MEPA, imanena mosabisa za ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi kutsegula khomo loti munthu apite kukhothi. Anthu alowapo bwanji pakhomo limenelo? Ku South Africa a Earthlife Africa anawina mu 2017 pa nkhani ya siteshoni ya malasha ya Thabametsi, khothi linati simungapereke chilolezo musanaunike za nyengo, mutha kufananitsa ndi kuno. Kapena nkhani ya majumbo opyapyala, lamulo la 2015 loletsa osafika ma micron 60, Supreme Court inagamula mu 2019 kuti chiletsocho chiime koma ma injunction anapitirira zaka, ife tikugulirabe tomato m'majumbo omwewo. Imeneyo yokha ndi dissertation yathunthu ya mmene lamulo limafera panjira. Inanso ndi Disaster Risk Management Act ya 2023 yomwe inalowa m'malo mwa lamulo la 1991, muiike pamodzi ndi malamulo a malo a 2016 nkufunsa kuti munthu wa ku Nsanje mukamusamutsa kudimba kupita kumtunda, malo atsopanowo ndi ake kapena ndi mlendo wa amfumu ena, nanga manda a makolo ake amawerengedwa ngati chotayika?

Sankhani imodzi, osati zonse, ndikukudziwani anthu a masters mumafuna kunyamula dziko lonse pamutu.

Powerenga musamadalire nyuzi zokha. Malangizo a ICJ aja awerengeni enieniwo ndi zimene majaji ena analemba paokha, milandu ya kunja ili pa database ya Sabin Center ya ku yunivesite ya Columbia ku America ulele, ya kuno fufuzani pa MalawiLII, ndipo mukafuna kudziwa kuti ndani anakana chiyani m'chipinda cha zokambirana, Earth Negotiations Bulletin imalemba tsiku ndi tsiku pa COP iliyonse, msonkhano wa pachaka wa mayiko wa za nyengo uja. Mwayi wina ndi woti gulu la mayiko osaukitsitsa pa zokambiranazi linatsogoleredwa ndi Mmalawi, a Evans Njewa, mu 2024 ndi 2025, kutanthauza kuti anthu amene amakhala m'zipindazo usiku wonse ali ku Lilongwe konkuno, lembani kalata yochokera ku dipatimenti yanu mupemphe kucheza nawo, a CEPA ndi a CISONECC, mabungwe omwe si aboma oona za chilengedwe ndi nyengo, nawonso ali ndi zambiri.

Ndipo ngati mudzacheze ndi anthu amene anapulumuka, yambani msanga za chilolezo cha ethics chifukwa chimadya miyezi, ine chinandidyera semesita. Mukafika kumeneko nenani poyambirira kuti ndinu mwana wasukulu, simukulemba mayina a chithandizo, chifukwa anthu akangoona kope ndi cholembera amayamba kuitana anzawo kuti abwere ndi ziphaso. Mayi wina amene ndinacheza naye anayankha mafunso anga onse bwinobwino, nditatseka kope anandifunsa kuti malata abwera liti.