Atsogoleri athu ndi okalamba kale, ndiye okalamba akufunanso mawu anji?

Mnyamata wina wa ku Kasungu wanditumizira imelo yokhala ndi kamkwiyo pang'ono. Akuti wamva a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za anthu okalamba, akunena pa wailesi kuti achikulire apatsidwe mwayi wolankhula pa mfundo za boma, ndipo iye sakumvetsa. "Chitengereni ufulu dziko lino likulamulidwa ndi madala," akutero. "Osowa mawu ndife achinyamata. Okalamba akufunanso chiyani?"

Achimwene, mbali yoyambayo sindikutsutsani. Kamuzu anachoka pampando mu 1994 ali nkhalamba yotheratu. Bingu anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 78, ndipo mng'ono wake Peter Mutharika anapambana chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 ali ndi zaka 85. Koma tafunsani kuti ndani mwa akuluakulu amenewa anakhalapo pamzere wa kuchipatala chaching'ono kuyambira mbandakucha, n'kuuzidwa masana kuti mankhwala a BP atha. Munthu wa zaka 80 amene ali ndi penshoni, galimoto ndi dokotala wa ku Johannesburg amangofanana imvi ndi agogo anu a kumudzi. Zina zonse n'zosiyana, ndipo palibe chimene chimamukakamiza kuwalankhulira.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo anali pafupifupi 5 pa 100 aliwonse. Wandale amawerenga mavoti, ndiye gulu laling'ono chonchi, lobalalika m'midzi, losatha kuguba pamsewu kapena kulalata pa Facebook, salitayira tulo. Ambiri mwa iwo anakalambira kumunda, choncho lamulo la penshoni la 2011, limene linali la anthu olembedwa ntchito, silinawakhudze ngakhale pang'ono.

Papepala zinthu zilipo. Gawo 13 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati boma lizilemekeza ndi kuthandiza okalamba komanso kuwalimbikitsa kutenga nawo mbali pa moyo wa m'dera lawo. Mu 2016 kunabwera ndondomeko ya boma yokhudza okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lawolawo. Koma chaka chomwecho cha 2016, mu Januwale, anthu anayi okalamba anaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lakhalapo kuyambira 1911. Silinawapulumutse, chifukwa tsiku limenelo pamudzipo panalibe wowaimira amene anthu akanamuopa.

Anthu ena amati titengere Uganda. Kumeneko kuyambira chisankho cha 2021 okalamba ali ndi mipando 5 yawoyawo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo amene amasankha aphunguwo ndi nthumwi za makhonsolo a okalamba oyambira kumudzi. Ine mipandoyo sindiikhumbira kwenikweni. Kuno kwathu gawo 51 la Malamulo Aakulu limafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsatira zokambirana, ndiye mukuganiza kuti mipando yotereyi ingagwe m'manja mwa ndani? Mwa nduna zakale ndi alembi aakulu opuma pantchito, omwe aja mukuwadandaulawo. Tingangowonjezera magalimoto ndi maalawansi pa aphungu 229 amene tili nawo kale. Chimene ndimasirira ku Uganda ndi makwerero a pansiwo, oti okalamba a m'mudzi amakumana paokha n'kusankha wowalankhulira. (Tisaiwalenso kuti Malamulo athu a 1994 anali ndi Seneti, nyumba yachiwiri ya malamulo, ya anthu 80, ya mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana. Aphungu anaifufuta mu 2001 isanakhalepo n'kamodzi komwe. Andale athu sakonda kugawana mpando.)

Kwa ine mawu a okalamba akufunika pamalo pamene mayina amalembedwa. Tatengani Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo amafikira mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ambiri mwa mabanja otere mutu wake ndi agogo olera ana amasiye. Nanga msonkhano wotsimikizira mayina umayenda bwanji? Amauitanira pabwalo la sukulu, mtunda wautali, dzuwa lili paliwombo. Akomiti ndi alendo ochokera kuboma amakhala pamipando kutsogolo, anyamata aimirira m'mbali, agogo aakazi ali pansi kumbuyo kwenikweni, miyendo atatambasula. Wowerenga mayina amathamanga, chimkuzamawu palibe. Akafunsa kuti "Pali wotsutsa?", gogo amene sanamve n'komwe ngati dzina lake latchulidwa amangoomba m'manja pamodzi ndi anzake. Amene miyendo inakana kale sanafike n'komwe. Lipoti likapita ku Lilongwe limati anthu a m'mudzi anagwirizana.

Mpata wokonzera zimenezi ulipo kale m'malamulo, kungoti sitiugwiritsa ntchito. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limalola makhansala kusankha anthu 5 oimira magulu apadera kuti azikhala nawo pa zokambirana za khonsolo. Savota, n'zoona, koma amalankhula, amaona bajeti, ndipo zimene anena zimalowa m'maminitsi. Mpando umodzi mwa imeneyi uyenera kukhala wa munthu wosankhidwa ndi okalamba eniake, osati mnzake wa tcheyamani. Chimodzimodzi ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), kumene mapulani a chitukuko amayambira. Mjigo ukakumbidwa kutsidya kwa dambo, kapena chimbudzi cha kuchipatala chikamangidwa chonjuta chopanda pogwira, n'chifukwa choti pokambirana panalibe munthu wa mawondo owawa.

Mudzati mafumu alipo, ndipo ambiri ndi achikulire. Mfumu imaimira mudzi wonse ndiponso imalandira mswahara kuboma. Nthawi zina pa milandu ya minda, pamene adzukulu akulanda malo a gogo wamasiye, mfumu yomweyo ndi imene yaika chidindo.

Komanso nkhaniyi si yolimbirana ndi inu achinyamata monga mukuganizira. Lesotho, dziko losalemera, inayamba kupereka penshoni kwa nzika za zaka 70 kupita m'tsogolo mu 2004, Zanzibar inatsatira mu 2016. Ndalama yotere ikafika m'manja mwa gogo wa kuno, mukudziwa nokha kumene ingapite: yunifolomu ya mdzukulu, sopo, kachigayo, thumba la feteleza. Ndipo mwana wake amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni angapumeko pa mafoni a kumapeto kwa mwezi.

Ndiye ngati mukufuna poyambira, pitani kwa khansala wa wodi yanu mukamufunse kuti anthu 5 aja ku khonsolo ya Kasungu ndi ndani, ndipo anasankhidwa bwanji. Kenaka mufunse mlembi wa VDC ya kwanu kuti m'komiti yawo muli angati opitirira zaka 60 amene si mafumu. Mukapeza mayankho mundilembere, ndidzawaika pano.