Mwana wanga akufuna pampu ya vacuum yomatira veneer: tigule yotani?

Funso lachokera kwa mayi wina amene mwana wake wamaliza maphunziro a ukalipentala pasukulu ya ntchito zamanja. Mnyamatayo akufuna kuyamba kupanga zitseko za makabati ndi matebulo omata veneer, ndipo wapempha ndalama zogulira pampu ya vacuum. Mayiwa aona pampu imene akatswiri okonza mafiriji amagwiritsa ntchito, yotsikirako mtengo, ndipo akufunsa ngati ingagwire ntchitoyi.

Mayi, pampu ya amisiri a firiji ikhoza kumata veneer, koma si imene tingakulangizeni kugula ngati mwana wanu akufuna kudya nayo ntchitoyi tsiku ndi tsiku. Kuti muone chifukwa chake, tiyambe ndi mmene kumataku kumachitikira.

Veneer ndi thabwa lopyapyala kwambiri, kawirikawiri mamilimita 0.6, lodulidwa ku mtengo wokongola monga mbawa kapena oak. Amalimata pamwamba pa mabolodi monga MDF, plywood kapena blockboard kuti chinthu chioneke ngati cha mtengo wodula. Thabwa lopakidwa guluu pamodzi ndi veneer yake amalilowetsa m'thumba lapulasitiki lolimba, n'kutseka pakamwa, pampu n'kukoka mpweya wam'katimo; kusowa kwa mpweya m'thumbamo ndiko kumatchedwa vacuum. Chimene chimapanikiza veneer si pampuyo ayi, ndi mpweya wakunja umene umatsamira pathumbalo. Geji, kachipangizo koonetsa mphamvu ya vacuum, ikafika pa 0.7 bar, sikweya mita iliyonse imakhala itasenza pafupifupi matani 7. Chitseko cha kabati cha mamilimita 600 kwa 400 chimapanikizidwa ndi makilogalamu oposa 1,600, mofanana paliponse, pakati ndi m'mbali momwe. Makalampu sangachite zimenezi.

Choncho pogula pampu pali manambala awiri ofunika kuwerenga pakapepala kake. Yoyamba ndi kuzama kwa vacuum, yolembedwa mu bar kapena inHg. Veneer imafuna pakati pa 0.6 ndi 0.75 bar, ndiko kuti 18 mpaka 22 inHg. Kupitirira pamenepo sikuwonjezera ubwino, ndipo pa veneer ya timabowo tambiri guluu amatulukira pamwamba n'kusiya mawanga amene vanishi sagwirapo bwino. Yachiwiri ndi kuchuluka kwa mpweya umene pampu imakoka pamphindi, yolembedwa mu CFM. CFM imodzi ndi malita pafupifupi 28 pamphindi. Nambala iyi ndiyo iyenera kugwirizana ndi kukula kwa thumba. Pa zitseko za makabati ndi timatebulo, thumba losaposa mita 1.2 mbali zonse, CFM 1 mpaka 3 ndi yokwanira. Akafuna kumata bolodi lathunthu la mamilimita 2440 kwa 1220, kapena zinthu zokhota zimene zimasiya mpweya wambiri m'thumba, asatsike pa CFM 5. Pampu yochedwa imapereka mpata woti guluu ayambe kuuma thumba lisanagwire, ndipo veneer imatuluka ndi matuza.

Pali china chimene ogulitsa satchula. Manambala a pakapepala amayezedwa pamalo otsika mofanana ndi nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, kumene mpweya ndi wopepukirako, ndipo geji singadutse pafupifupi 26 inHg ngakhale pampu ikhale yamphamvu chotani. Pampu yolembedwa 24 inHg imapereka cha m'ma 21 ku Lilongwe, ndipo ku Mzuzu kapena ku Dedza imatsikanso pang'ono. Ndiye sankhani yolembedwa 24 inHg kapena kuposa.

Tsopano ya firiji ija. Imakoka vacuum yozama kwambiri kuposa imene veneer ikufuna, ndipo imayendera mafuta. Ikamakoka thumba lolowetsako mpweya wakunja pang'ono imatulutsa nkhungu ya mafuta m'shopu, imene imagwera pamatabwa n'kusokoneza vanishi, komanso si yabwino kuipuma. Chinyezi chochokera ku guluu chimalowa m'mafutawo n'kuwasandutsa ngati mkaka, motero amafuna kusintha pafupipafupi. Ngati ndiyo yokha imene thumba lanu la ndalama lingathe, paipi yotulutsira utsi ilozetsedwe panja, pakhale fyuluta pakati pa thumba ndi pampu, ndi valavu yolowetsa mpweya pang'ono kuti geji ikhale pa 0.7 bar.

Yoyenera ntchitoyi ndi pampu yosagwiritsa mafuta, ya diaphragm kapena ya pisitoni, monga zimene amapanga makampani a Gast ndi Thomas, kapena ya rotary vane youma monga za Becker pantchito zikuluzikulu. Funsani ngati inapangidwa kuti iziyenda maola ambiri osapuma, ndiponso ngati zida zake zosinthira zimapezeka. Onetsetsani kuti ndi ya 230V, 50Hz. Zambiri zogulitsidwa pa intaneti kuchokera ku America ndi za 110V, 60Hz, ndipo zimapsa mukangozilumikiza kumagetsi athu popanda thiransifoma. Ngati mnyamatayo ali kale ndi kompresa yopopera penti, pali njira ina yotchipa, kachipangizo kotchedwa venturi kamene kamapanga vacuum ndi mpweya wa kompresa pa 6 bar. Kalibe zoyenda m'kati, sikawonongeka msanga, koma kompresa yaing'ono imangolira osapuma.

Ife tikadakhala inu, ndalama zambiri sitikadaziika pa pampu yokha. Ntchito zambiri zimaonongeka chifukwa cha thumba lolowetsa mpweya wakunja. Thumba la vinyl la mamilimita 0.5 mpaka 0.75 ndi poyambira pabwino. La polyurethane ndi lodula koma limakhalitsa ndipo limatsata bwino zokhota. M'kati mwake mukhale bolodi la melamine la mamilimita 18, lodulidwa timizere tosaya motalikana masentimita 10 kuti mpweya upeze njira yopita kupaipi, ngodya zake zonse zozunguliridwa kuti zisaboole thumba. Pafunikanso geji, fyuluta, valavu yosabweza mpweya, ndi kathanki kosungira vacuum kamene angapange ndi paipi yokhuthala ya PVC yotsekedwa mbali zonse. Valavu ndi thankiyo ndizo zimapulumutsa ntchito magetsi akazima guluu asanaume. Poyesa, akoke mpaka 0.7 bar, atseke valavu, adikire mphindi 10. Singano ya geji ikatsika msanga, pali polowera mpweya, ndipo kawirikawiri pamakhala pakamwa pa thumba kapena polumikizira paipi.

Za guluu tingonena mwachidule. Kontakiti, imene akalipentala ambiri amaikonda pomata Formica, si ya ntchito iyi. PVA amafuna ola limodzi kapena awiri m'thumba. Urea formaldehyde amafuna maola 4 mpaka 6 ndipo amachedwa kwambiri m'nyengo yozizira ya June ndi July. Guluu amapakidwa pabolodi, osati pa veneer, magalamu pafupifupi 150 pa sikweya mita, ndipo bolodi limatidwe mbali zonse ziwiri, apo ayi lidzapindika.

Musanatulutse ndalama, mwana wanu abwere ndi mayankho a zinthu ziwiri: veneer adzaigula kuti ndipo pamtengo wanji, nanga ndani wamulonjeza kale ntchito yotere. Ogula mipando ambiri kwathu kuno anazolowera thabwa lenileni, ndipo ofuna veneer amakhala omanga makhitchini, maofesi ndi malo ogona alendo. Ngati pali shopu yaikulu imene ili ndi makina omatira, akagwireko miyezi ingapo kapena azilipira kuti amumatire zitseko zoyamba. Akaona kukula kwa zinthu zimene makasitomala akuitanitsa, adzadziwa kukula kwa thumba, ndipo CFM ya pampu adzaisankha kuchokera pamenepo.