Lantus ya ku Joni kapena NPH ya kuchipatala kwathu?

Achemwali, mwafunsa ngati bambo anu asiye insulini ya NPH imene amalandira pachipatala cha boma cha Salima, ayambe Lantus imene alongo anu akufuna kumatumiza kuchokera ku Johannesburg. Ine ndikuti musafulumire, ndipo musawasinthire nokha kunyumba.

Mitundu iwiriyi anaiyerekeza kale. Mu 2003 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa Treat-to-Target, wa anthu 756 odwala shuga ya mtundu wachiwiri ku America ndi Canada. Kwa masabata 24, ena ankabaya glargine, yomwe ndi Lantus yomweyo, ena NPH. Shuga adatsika mofanana m'magulu onse awiri, HbA1c (muyeso wa m'magazi woonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo) pafupifupi 7 peresenti. Kusiyana kudaoneka usiku: a glargine shuga sankawatsikira kwambiri kawirikawiri. NPH imafika pachimake pakapita maola angapo, munthu ali mtulo, pomwe glargine imagwira mwapang'onopang'ono usana ndi usiku.

Ndiye funso ndi ili: kodi bambo amadzidzimuka usiku thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, mwina osakuzindikirani? Mayi anga zinkawachitikira, ndipo ndinkagona khutu lili kuchipinda kwawo. Tidayamba kulemba m'kope ola, zomwe adya ndi nambala ya pamakina oyezera shuga. Adokotala ataona kopelo adachepetsa mlingo wamadzulo, zidatha, mpaka lero ali pa NPH. Inunso yambani ndi kope. Malangizo a WHO a 2018 akuti munthu ayambire insulini ngati NPH, ndipo glargine aiganizire amene shuga amawatsikira koopsa pafupipafupi. Ngati bambo ali m'gulu limenelo, auzeni adokotala za Lantus, mlingo akonze ndi iwowo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ulendo. Mankhwalawa sadumphitsa tsiku. Mwezi umene alongo anu thumba laphwa kapena basi yachedwa pa Mwanza, bambo abaya chiyani? Komanso botolo likhala masiku m'chikwama, pansi pa basi yotentha.

Kunyumba kokha musade nkhawa ngakhale mulibe firiji. Mu 2021 a bungwe la madokotala la MSF ndi yunivesite ya Geneva adapeza kuti insulini imakhalabe yamphamvu masabata anayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, ngati kwa kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya. Ndi dzuwa lathu la Okutobala, ife timaika botolo m'kachitini, kachitiniko mumphika wadothi wa mchenga wonyowa, pamthunzi.